Wa Pageti Uyo Musamukhudze

Botolo la palafini linali litatsegulidwa kale pamene Tione anatulukira kuseri kwa nyumba atasenza ndowa. Anaitula mwamphamvu moti madzi anakhavukira pamapazi pake.

"Amalume, mukufuna kutani?"

A Fackson, mchimwene wa mayi ake, sanacheuke n'komwe. Anali atanjuta pafupi ndi dzala, akusanja timitengo ta bulugama mosamala ngati munthu wofuna kuwamba nyama. Pamwamba pa timitengoto panali laputopu ya Mervin, yakuda, yong'aluka pakona pamene mwini wake anamatapo selotepu.

"Tikumaliza maliro," anayankha. "Zovala tagawa dzulo. Nsapato watenga msuweni wako, mabuku apita kutchalitchi. Chatsala ndi chinthu ichi. Ndani angachilandire m'nyumba mwake?"

Tione sanadikire kuti amalize. Anaitsomphola laputopuyo n'kuikumbatira pachifuwa. Mayi wa zaka makumi atatu, mphunzitsi wathunthu wa ku Bvumbwe, kulanda chinthu m'manja mwa mwini mbumba ngati kamwana kolanda bonya! Ngakhale iye mwini anadzidabwa.

Mervin anali mlongo wake wamng'ono, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Lachiwiri la sabata yathayo anadya mbatata ndi tiyi, n'kutuluka kukatsuka kapu pampopi, ndipo anagwera pomwepo kapu ili m'manja. Adokotala anati ndi mtima, anabadwa nawo wosalongosoka, kungoti palibe ankadziwa. Anamuika Lachinayi kumudzi kwa amayi ake ku Changata. Koma anthu a m'malayini, nyumba za antchito a paesiteti ya tiyi, mukuwadziwa inu. Mawu a dokotala amawamvera mwaulemu, manja kumbuyo, kenako amakazenga mlandu wawo kumpopi.

Kumpopiko ndiye kunatuluka zambiri. Mayi wina anati anasuzumirapo pawindo la Mervin n'kuona chinthu cha nyanga chikulavula moto pagalasi la makinawo. Wina anati mnyamatayo ankaseka yekha m'chipinda. Koma nkhani yothyola msana inabwera ndi a Fackson, mkulu wa mpingo, munthu woti sanama. Loweruka lina la mwezi wa Meyi anabwera ndi mkoko wa nthochi. Pageti la esiteti analonjerana ndi mlamu wawo a Fabiano, bambo a Mervin, amene akhala mlonda pagetilo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Atafika kunyumba, ulendo wa mphindi khumi basi, anamva liwu la a Fabiano omwewo likulankhula m'chipinda cha Mervin. Mawu ake sanawamvetse, koma liwu linali lomwelo, mpaka kachifuwa komwe. Nthochi anazisiya pakhonde n'kuliyatsa liwiro. Nkhaniyo anaisunga mumtima mpaka tsiku lometa, ndipo atangoinena aliyense anamaliza yekha: mnyamatayo anatsekera mawu a abale ake m'makina kuti akawapereke kwa eni chuma cha kumidima, zinamukanika, ndiye anangomutenga iyeyo.

"Amalume, m'menemu muli gemu, si ufiti," Tione anatero. "Kampani yavomera ntchito yake. Uthenga wabwera pafoni yake Lachisanu, ndauona ndi maso angawa."

"Kampani yake iti? Ofesi yake ili kuti? Anthu ake unayamba wawaonapo nkhope?"

Zoona, Tione anali asanawaonepo. Anatembenukira pakhonde pomwe panakhala bambo ake pa kampando, atavala lenikoti yawo yachikasu ya kuntchito ngakhale esiteti inali itawapatsa masiku opumula. Chiyambire maliro, a Fabiano anali asanagwetse msozi. Ankangoyang'ana mizere ya tiyi imene inakwera phiri mpaka kukasowa mu nkhungu.

"Ababa, mukulola zimenezi?"

"Zisiye zipse."

A Fabiano ndi Mervin, bambo ndi mwana, anatha miyezi khumi ndi umodzi osalankhulana akugona denga limodzi. Mervin atamaliza maphunziro a zamakompyuta ku Blantyre anakhala zaka zitatu akuyendayenda ndi envulopu ya khaki. A Fabiano anavula chipewa kwa amanijala, kuvula n'kuvulanso, mpaka mwana wawo anapatsidwa ukalaliki kusikelo, kolemba makilo a masamba a tiyi. Anagwira chaka chimodzi. Mwezi wa Ogasiti chaka chatha anabwera kunyumba masana n'kunena kuti wasiya.

Tione ankadziwa pomwe zinayambira. Sabata imodzi izi zisanachitike, Mervin anamupeza ku Bvumbwe akuchonga makope a ana.

"Achemwali, atsegula chitseko!"

"Chitseko cha ndani? Takhala pansi kaye, ukutuluka thukuta ngati wakuba nkhuku."

Anali kunena za gemu ija ya malupanga ndi zinjoka zouluka imene ankaikonda kuyambira ali kukoleji. "Kale tikafuna kuwonjezeramo zathu tinkachita kuboola khoma," anatero. "Eni ake akangoikonza gemuyo, zathu zonse phwaa, kusweka. Pano atulutsa zipangizo zawo zenizeni, zomwe amamangira iwowo. Umamanga dera lako, anthu ako, nkhani yako. Amati modi. Ukatumiza amaiunika, akaivomera amaiika patsamba lawo, dziko lonse kumasewera, dzina lako lili pamenepo. Ochita bwino amawapatsa kalata ya ntchito."

"Ndiye iwe ukamangamo chiyani? Nyumba ya mafumu?"

"Mudzaona ikadzavomerezedwa. Panopa ayi."

Tione anaseka mpaka misozi, koma madzulo ake anamupatsa laputopu yake yakale. Choncho pa mlandu wonsewu nayenso anali ndi dzanja, ndipo zinkamuwawa.

A Fabiano sanaseke. "Ndinavula chipewa chifukwa cha iwe," anamuuza Mervin. "Tsiku lomwe udzandionetse kalata ya ntchito ya anthu, udzandilankhule. Pakali pano ine ndi iwe tathana." Iwo ankayesa ndi mawu a sabata imodzi. Koma mwana anatengera bambo ake kuuma mutu, eee, osasiyako ngakhale pang'ono. Zonse zinkadzera kwa a Fainess, mayi wa pakhomopo. "Umuuze mwana wako atseke windo." "Amayi, muwauze ababa nsapato zawo ndapolisha." A Fainess ankati atopa kukhala positi ofesi, koma palibe anawamvera.

Tsopano Tione anakagwada pafupi ndi kampando ka bambo ake, laputopu ili pamiyendo.

"Ababa, inunso mukukhulupirira kuti Mervin amafuna kukuperekani?"

A Fabiano atayankha, liwu lawo linali lotsika moti a Fackson anachita kusendera pafupi.

"Iwe ndiwe mphunzitsi, undiyankhe. Mawu anga amafunanji m'menemo? Ine ndinali pompano, pakhomo pomwe pano, ndi pakamwa panga. Akanafuna mawu anga akanabwera kudzawatenga. Miyezi khumi ndi umodzi, ngakhale 'mwadzuka bwanji' osandipatsa. Ndiye mawu angawo amakawatsekera m'bokosi kuti atani nawo? Mwana wanga wapita akudana nane, Tione. Sindikufuna kuona kuti amadana nane mpaka pati. Chipse ndisadziwe."

Tione anayang'ana laputopu ija pamiyendo pake. Modiyo anali asanaionepo, Mervin anakanirira mpaka mapeto. Ndipo kunena zoona, mantha anamugwira. Bwanji ngati mlongo wake, chifukwa cha mkwiyo, anaikamo bambo awo ngati chilombo choti anthu azichibaya? Anyamata amachita zotero. Koma ankadziwanso kuti chinthucho chikapsa, bambo ake adzakalowa m'manda ndi mawu omwe anangonenawo.

"Magetsi azima kuyambira m'mawa," anatero. "Batire latsala pang'ono. Mundilole mpaka lithe. Mukaona choipa, machesi ndiyatsa ndekha."

"Sitiyesa Mulungu pakhomo pano," anatero a Fackson.

"Achimwene." Anali a Fainess, ataima pakhomo, duku lakuda kumutu, maso otupa. Chibwerere ku Changata anali asanatuluke m'chipinda. "Mwanayo ndinabereka ndine. Ndione kaye chimene amakhalira usana wonse osadya. Mukatero muwotche."

A Fackson anapukusa mutu, koma kwa mlongo wawo wofedwa akanati chiyani? Anapempha kuti ayambe apemphera. Anapemphera pemphero lalitali lomanga ziwanda za mitundu yonse, Tione akuwerengera mumtima batire limene likanatha akanakhala kuti wayatsa kale. Chiperoni chinayamba kuwaza, ndipo onse anapanikizana pakhonde, laputopu ili pa tebulo lodyera tiyi. A Fabiano sanasunthe kampando kawo. Anangotembenuza mutu pang'ono.

Pagalasi panatuluka kamunthu ka chikwama kumsana, kataima m'munsi mwa phiri. Kumwamba kunali miyezi iwiri, wina wofiira, ndipo chapatali nsanja yamiyala inkayandama m'mitambo popanda choigwira.

"Mwaona? Miyezi iwiri!" anatero a Fackson.

"Zimenezo ndi za eni gemu," Tione anayankha. "Za Mervin ndi zapansizi."

Anakankha batani, kamunthu kaja n'kuyamba kuyenda. Nkhungu inang'ambika. Mizere ya tiyi inaonekera, yobiriwira, yometedwa bwino, ikukwera phiri.

A Fainess anagwira pakamwa. "Amayi ine! Si Namba Seveni uyu?"

Unalidi munda wa Namba Seveni, umene a Fainess akhala akuthyolamo tiyi kuyambira ali mtsikana. Ngalande yake inali pomwepo, kamlatho ka matabwa awiri kali pomwepo, mpaka thabwa lina lopendekeka lija. Pakati pa chitunda panali mtengo wa mthunzi ndi benchi, ndipo pabenchipo panakhala mayi wa dengu lalikulu kumsana, akusisita bondo.

"Pamenepo palibe benchi," anatero a Fainess. "Palibenso mtengo. Ndinkamudandaulira kuti chitunda chimenechi chidzandipha, munthu ulibe popumira." Anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. "Wandiikira benchi."

Kamunthu kaja katafika pafupi, mayi wa denguyo anadzutsa mutu n'kulonjera mu Chilomwe, ndi liwu lenileni la a Fainess. A Fackson anadumpha n'kugunda mutu kumtanda wa khonde.

"Khalani pansi achimwene, ndi ineyo ameneyo," anatero a Fainess, akuseka ndi misozi yomwe. "Tsiku lina ndikuphika kalongonda anabwera ndi foni, akuti amayi nenani izi, nenani izo, lonjerani mlendo, dandaulani bondo. Ine ndimayesa akundiseka. Ndinamuthamangitsa ndi chikuni."

Pagalasi panatuluka mizere inayi ya mayankho oti mlendo asankhepo. Tione anasankha loti amunyamulira mayiyo dengu, ndipo kamunthu kaja kanalisenza n'kupitiriza kukwera.

Pamphambano anakumana ndi bambo wa ambulera yakuda ndi dengu la nthochi. Pamwamba pake panalembedwa kuti nthochi zake zimabwezeretsa mphamvu kwa wovulala ndipo amapereka ulele, koma uyambe wamvera malangizo. Malangizowo analibe liwu, anali olembedwa, ndipo anali masamba asanu ndi limodzi. Pamayankho anayi panali lina loti, "Thawani mwaulemu."

Tione anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka koyamba chichitikire maliro, kuseka kopweteka m'nthiti.

"Mutu wanga si waukulu choncho," anatero a Fackson. Anayang'anitsitsa, kenako anawonjezera motsitsa, "Koma ambulera ndi yomweyo."

"Nanga liwu langa?" A Fabiano anafunsa osayang'ana munthu. "Mayi ako anapereka okha. Ine sindinapereke kanthu."

Kuseka kunathera pomwepo. Batire linali litatsika kwambiri. Tione anathamangitsa kamunthu kaja kukwera chitunda chomaliza, ndipo pamwamba pake panaoneka geti lachitsulo la mapiko awiri, ndi kanyumba ka alonda kopaka laimu. Pagetipo panaima anthu awiri. Wina anali msilikali wamkulu wa eni gemu, wovala zachitsulo thupi lonse, lupanga lotalika ngati mpini wa khasu. Winayo anali bambo wochepa thupi wa lenikoti yachikasu, chipewa chopindika, chibonga m'manja. Ankayenda uku ndi uku akutsimphina mwendo wamanzere, umene thalakita inawaponda a Fabiano chaka chomwe Mervin anabadwa.

Kenako mitengo ya bulugama ya kumbali inagwedezeka, ndipo munatuluka chilombo cha nyanga chija, chachikulu kuposa kanyumba ka alonda, utsi ukutuluka m'mphuno.

"Ndi chimenecho! Ndi chimenecho anachiona amayi aja!" anatero a Fackson.

Tione sankadziwa kumenya nkhondo mugemu. Anangoimitsa kamunthu kake kuseri kwa tiyi. Chilombocho chinalunjika pageti. Msilikali wa zachitsulo anachibaya kamodzi, icho n'kumukantha ndi nyanga. Anagwa chagada, lupanga uko, ndipo sanadzukenso. Chinatembenukira kwa bambo wa lenikoti.

"Mlamu, onani!" a Fackson anafuula. "Si zimene ndimanena? Akukuphani apa! Tione, zimitsa!"

A Fabiano anali ataimirira. "Usazimitse," anatero. "Ndione ndithu."

Nyanga inamupeza bamboyo pachifuwa. Chipewa chinauluka. Anagwa ndi bondo limodzi, mutu pansi, ndipo a Fainess anabisa nkhope m'chitenje. Tione anatseka maso, mumtima akuti Mervin, Mervin, wandichititsa manyazi bwanji.

"Aaa, akudzuka," anatero a Fackson.

Anadzukadi. Anatola chipewa, n'kuchikuntha kawiri pantchafu monga achitira a Fabiano, n'kuchivala. Kenako anachimenya chilombocho ndi chibonga pamphuno. Icho chinamukanthanso. Anagwa ndi bondo, anadzuka, anatola chipewa. Chinamulavulira moto. Anagwada mu utsi, anadzuka, anakuntha chipewa. Kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka a Fackson anasiya kuwerenga. Chibongacho chinali chopanda mphamvu, koma sichinaleke. Pamapeto pake chilombo chija chinadzandira n'kugwera m'ngalande, ndipo bambo uja anabwerera pamalo pake n'kuyambanso kuyenda uku ndi uku, akutsimphina.

"Zatheka bwanji?" anafunsa a Fainess. "Uja wa zitsulo wafa ndi kamodzi."

Tione anakumbukira uthenga wa Lachisanu. Pansi pake panali mzere umene sanaumvetse, wonena za munthu wa pageti. Anaimitsa gemu n'kutsegula pomwe Mervin ankasunga makalata a kampani. Anali ambiri, a Chingerezi, ndipo ankawerenga mofulumira akumasulira.

"Iyi ndi ya mwezi wa Malichi. Akuti, 'Modi yanu ndi yabwino kwambiri, taikonda. Koma pali vuto limodzi. Anthu anayi mwawachonga kuti sangafe. Lamulo lathu silikulola, chifukwa osewera ayenera kukhala omasuka, ndipo mugemu muno aliyense atha kufa. Chotsani zizindikirozo, tiivomera sabata yomweyi.'"

"Anayi?" anatero a Fackson.

"Awalemba apa: amayi, ine, inu amalume, ndi ababa."

A Fackson anacheukira kudzala kuja kunali timitengo tawo.

"Iyi ndi yankho lake. Akuti, 'Atatuwo ndawachotsera, ndawasamutsira kumunsi komwe zilombo sizifika. Koma winayo ntchito yake ndi kuima pageti, sindingamusamutse.'" Tione anapitiriza kuwerenga. "'Wa pageti uyo musamukhudze. Ndi bambo anga. Aima pageti zaka makumi awiri ndi ziwiri, mvula ndi dzuwa, kuti ine ndiphunzire. Ngati lamulo silikulola, modi yonseyo ikhale.'"

Anatsitsa m'munsi. Kampani inakana mwezi wa Epulo. Mervin anayankha zomwezo. Inakananso mwezi wa Meyi, mwaulemu, ikumukumbutsa kuti kalata ya ntchito ili tayale, chatsala ndi kachizindikiro kamodzi. Anayankhanso zomwezo, mawu ake osasintha ngakhale limodzi. Tione anatulutsa foni ya Mervin m'thumba n'kuwerenganso uthenga wa Lachisanu, tsiku lotsatira kuika maliro. Tsopano unamveka. "Takambirana. Wa pageti akhale momwe mwafunira. Takulandirani."

"Ababa," anatero Tione, misozi ikuyenderera, "kalata imene munkafuna ija akanakupatsani mwezi wa Malichi. Amangofunika kulola kuti mufe mugemu. Anakana."

A Fabiano anagwira nsanamira ya khonde. Miyezi inayi! Akanatha kulankhulana miyezi inayi yathunthu, kumwera limodzi tiyi, kukangana za mpira. Kamwana kouma mutu, kopusa, kabwino. Anachita kukhala pansi pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno anakokera kampando patebulo.

"Liwu langa," anatero. "Sindinalimvebe."

Kachizindikiro ka batire kanali katafiira. Tione anabwezeretsa gemu, n'kutenga dzanja la bambo ake, lokhakhala ngati khungwa, n'kuika chala chawo pabatani.

"Kankhani apa. Kamunthuka ndi komwe Mervin amakhala akamasewera. Yendani mpaka pageti."

Kamunthu kaja kanayenda mokhotakhota, kanagunda tiyi, kanabwerera, kenako kanalunjika. Katafika pafupi, bambo wa lenikoti anasiya kuyenda. Anatembenuka, anakankhira chipewa kumbuyo. Panamveka kachifuwa, kenako liwu la a Fabiano, lamphamvu kuposa la lero, mphepo ikuwomba kumbuyo kwake.

"Wafika? Wadya koma?"

A Fabiano anauma thupi ngati awathira madzi ozizira. Anawadziwa mawuwo. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, tsiku lomwe Mervin anakwera minibasi kupita kukoleji, iwo anali pantchito ndipo sanathe kumuperekeza. Madzulo ake Tione anawabweretsera foni pageti kuti amutumizire uthenga wa mawu. Unali woyamba ndi womaliza umene anatumizapo m'moyo wawo. Mwanayo anausunga zaka zonsezo, kusintha mafoni atatu.

Pagalasi panatuluka yankho. Kwa mayi wa dengu anali anayi, kwa bambo wa nthochi anayi. Apa linali limodzi lokha, lolembedwa m'Chichewa, ndipo wosewera aliyense, kaya wa dziko liti, analibe kuchitira mwina koma kunena limenelo. A Fabiano anawerama n'kuliwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo.

"Ndafika, ababa."

Tione anawasonyeza pokankha. Anakankha.

"Chabwino," linatero liwu lija. "Uvale juzi, kukuzizira." Panadutsa kamphindi, mphepo yokha ikumveka. Kenako liwu lomwelo, chapatali pang'ono, mokwiya: "Iwe Tione, chimenechi chimazimitsidwa pati?"

A Fainess anaphulika kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Mervin akanatha kudula kumapetoko, ankadziwa kudula bwino lomwe, koma anakusiya. Ndiye n'chifukwa chake ankaseka yekha m'chipinda.

A Fabiano analira pamenepo. Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka mu lenikoti, dzina la Mervin likutuluka mobwerezabwereza, dzina limene anali asanalitchule chiyambire Ogasiti. Palibe anawatonthoza, anangowasiya.

A Fackson anatsika pakhonde n'kupita kudzala mu chiperoni chomwecho. Anatseka botolo la palafini, anaphwasula timitengo tija ndi phazi, n'kubwerera atanyowa. Anaima kumbuyo kwa Tione akukanda kumutu.

"Chinthuchi chimalola sola?" anafunsa. "Kwathu kuli sola. Dzuwa likatuluka mawa ndibweretsa."

Tione anagwedeza mutu. Pagalasi panatuluka chenjezo lakuti batire latsala pang'ono kuzima. Anatambasula dzanja kuti atseke, koma bambo ake anamugwira pamkono.

"Dikira. Latsala lochuluka bwanji?"

"Mwina mphindi zitatu, ababa."

"Kuchokera kumunsi kuja mpaka pageti ndi mphindi zingati?"

"Ziwiri, akathamanga."

A Fabiano anapukuta maso ndi chikhatho. "Tamubwezanso kumunsi kuja," anatero. "Abwerenso."

Tione anamubweza. Kamunthu kaja kanaimanso m'munsi mwa phiri, chikwama kumsana, nkhungu itaphimba njira. A Fabiano anapukuta chala pa lenikoti, anachiika pabatani, n'kuyamba kumukweza mwana wawo chitunda.